Mmene mungalowere ntchito ya ma compiler ndi parallel computing, kuyambira pa laputopu yanu yomweyo

Anthu ambiri amene amalemba code tsiku ndi tsiku sanayambe atsegulapo kuti aone zimene compiler, pulogalamu yomasulira code yawo kupita mu chilankhulo cha makina, imatulutsa. Amalemba, nkudina run, zikayenda basi nkhani yatha. Koma pakati pa zimene mwalemba inuzo ndi zimene pulosesa ikuchita zenizeni pali chintchito chachikulu, ndipo alipo anthu amene zaka zawo zonse za ntchito zinathera pomwepo, kuphunzitsa compiler kuti izitenga pulogalamu ya munthu nkuisintha kuti izithamanga koma yankho lake osasintha olo pang'ono. Ngati mtima wanu ukukokerani kumeneko ndikufuna ndikuuzeni mmene mungayambire, ndipo zambiri mwa izi mutha kuchita pa laputopu imene muli nayo panopa chifukwa zida zake pafupifupi zonse ndi zaulere.

Ndiyambe ndi mayi Frances Allen, chifukwa mmene iwo analowera ntchitoyi ndi mmenenso ine ndikufuna inu muyambire. Mayiwa anabadwa mu 1932 ku Peru, kamudzi ka m'chigawo cha New York, anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale, kenako anapita kukachita masters ya masamu ku University of Michigan. Mu 1957 analowa ntchito ku IBM, cholinga chinali chongobweza ngongole ya sukulu kenako abwerere kukaphunzitsa. Chaka chomwecho nkuti Fortran itangotuluka kumene, imene inapangidwa ndi gulu la John Backus, nde ntchito yoyamba imene anapatsidwa inali yophunzitsa asayansi a pakampanipo chilankhulo chatsopanochi, anthu oti ambiri samakhulupirira kuti makina angalembe code yothamanga ngati imene iwo amalemba pamanja. Kuti aphunzitse bwino, mayiwa anakhala pansi nkumawerenga code ya compiler yeniyeniyo. Sanabwerenso ku sekondale kuja. Anagwira pa kompyuta ya Stretch ndi Harvest, mu 1966 analemba pepala la Program Optimization, mu 1970 la Control Flow Analysis, mu 1971 iwo ndi John Cocke anasonkhanitsa ndi kutchula maina njira zosinthira code zimene mpaka pano ma compiler akugwiritsabe ntchito, kenako mma 1980 anatsogolera pulojekiti ya PTRAN yofuna kuti compiler izigawa yokha pulogalamu ya Fortran kuti iziyenda pa mapulosesa angapo nthawi imodzi. Anakhala mayi woyamba kukhala IBM Fellow mu 1989, anapuma ntchito mu 2002, ndipo Turing Award ya 2006, mphoto yapamwamba mu sayansi ya kompyuta, inapita kwa iwo, mayi woyamba kuilandira. Anamwalira mu 2020 pa tsiku lawo lobadwa, atakwanitsa zaka 88.

Chimene ndikufuna mutolepo apa si mphotozo ayi, ndi chiyambicho. Anawerenga compiler yeniyeni, ndipo ankayang'ana mapulogalamu enieni a anthu. Nanunso yambirani pomwepo.

Sabata yoyamba: onani zimene compiler ikuchita

Musayambe ndi kugula mabuku aakulu kapena kulembetsa makosi asanu. Tsegulani Compiler Explorer, tsamba limene anapanga Matt Godbolt, kumanzere mumalemba C kumanja kumatuluka assembly, malangizo enieni a pulosesa olembedwa moti munthu nkuwerenga, nthawi yomweyo. Kapena ngati intaneti ikuvuta ikani ma compiler a gcc ndi clang pa makina anu, nkulemba gcc -O0 -S kenako gcc -O2 -S, muyerekeze mafayilo awiriwo, pa -O0 compiler siyesa kuthamangitsa code pomwe pa -O2 imayesa. Lembani ka function kakang'ono kogawa nambala ndi 10, muona kuti pa -O2 mulibemo instruction yogawa, compiler yachulukitsa ndi chinambala china chachilendo nkupanga shift, chifukwa kugawa pa pulosesa kumachedwa kuposa kuchulukitsa. Lembani loop yophatikiza manambala kuyambira 0 mpaka n nkuipatsa clang, muona kuti loop yasowa yonse, m'malo mwake muli fomula ija ya masamu ya n kuchulukitsa ndi mnzake nkugawa pawiri. Tsiku loyamba kuona zimenezi munthu umakhala kaye chete, ndipo funso limene limabwera ndi lakuti yadziwa bwanji, nde funso limenelo ndi ntchito yonseyo.

Assembly musaiope. Simukufunika kudziwa kuilemba ngati katswiri, mukufunika kuiwerenga, kudziwa kuti apa ikutenga ku memory, apa ikuika mu register, kamalo kosungira nambala mkati mwa pulosesa momwemo, apa ikudumpha. Sankhani imodzi kaya x86-64 kaya Arm kaya RISC-V, mukadziwa imodzi zinazo sizivutanso kwenikweni. Chofunika kumvetsa msanga ndi chakuti ma register ndi ochepa kwambiri, x86-64 ili ndi 16 a ntchito wamba, Arm ya 64-bit ili ndi 31, pomwe pulogalamu yanu itha kukhala ndi ma variable mahandiredi, ndekuti wina akuyenera kusankha kuti uti akhale mu register uti apite ku memory. Gregory Chaitin kumayambiriro kwa ma 1980 anaonetsa kuti vutoli litha kuonedwa ngati kupaka mitundu pa graph, ma variable awiri amene akufunika nthawi imodzi asalandire mtundu umodzi. Vuto limeneli ndi NP-complete, kutanthauza kuti palibe njira yodziwika yachangu yopezera yankho labwino kwambiri nthawi zonse, nde compiler imangogwiritsa ntchito nzeru zoyerekeza zimene zimagwira nthawi zambiri. Zolowereni zimenezi, mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi yotero.

Mafunso awiri amene sadzakusiyani

Chilichonse chimene mudzachite mu ntchito iyi chimabwerera pa mafunso awiri, kodi kusinthaku sikunaononge tanthauzo la pulogalamu, ndipo kodi pulogalamu yathamangadi. Ongoyamba kumene amakonda lachiwirilo chifukwa ndi losangalatsa, koma loyambalo ndi limene limasiyanitsa munthu wa ma compiler ndi munthu wongoyesa zinthu. Compiler yochedwa anthu amadandaula nkupitiriza ntchito, koma compiler imene yasintha yankho mwakachetechete imaononga mapulogalamu a anthu osawerengeka amene sanalakwitse kalikonse, ndipo amatha masabata akufunafuna bug mu code yawo pomwe bug ili mwa inu.

Tiyeni tione zitsanzo chifukwa apa mpofunika kukhazikika. Muli ndi function yolandira ma pointer awiri, a ndi b, mu loop mukulemba ku a[i] nkumawerenga b[0] ulendo uliwonse. Nzeru yachangu ikuti tiwerenge b[0] kamodzi kunja kwa loop basi. Koma nanga ngati a ndi b akuloza malo amodzi? Ndekuti kulemba ku a kwasintha b[0], ndipo kuitulutsa panja kwasintha yankho. Imeneyi ndi aliasing, ndipo compiler ikalephera kutsimikiza kuti ma pointer sakukumana imayenera kusiya code mmene ilili olo ichedwe. Nchifukwa chake C99 inabweretsa mawu oti restrict, kuti wolemba alonjeze yekha kuti sakukumana, komanso nchimodzi mwa zifukwa zimene Fortran yakhalira yothamanga pa ntchito za masamu, malamulo ake salola kuti ma argument amene akusinthidwa azilozana choncho.

China ndi manambala a floating point. Ku sukulu tinaphunzira kuti kuphatikiza a ndi b kaye kenako c ndi chimodzimodzi kuphatikiza b ndi c kaye kenako a. Pa kompyuta ayi. Yesani mu Python, muphatikize 0.1 ndi 0.2 kaye kenako 0.3, mupeza 0.6000000000000001, koma mukayamba ndi 0.2 ndi 0.3 kenako 0.1 mupeza 0.6. Kusiyanako nkochepa inde koma kulipo, nde compiler siiloledwa kusintha dongosolo la kuphatikizako pokhapokha mutailola nokha ndi flag ngati -ffast-math, ndipo izi zimakhudza kwambiri parallel, kugawa ntchito kuti mbali zake ziziyenda nthawi imodzi, chifukwa kugawa ntchito yophatikiza kwa ma core anayi, timapulosesa ta mkati mwa tchipisi, ndekuti mwasintha kale dongosolo.

Komanso pali mbali ina imene malamulo a chilankhulo amapatsa compiler ufulu wodabwitsa. Mu C, int yokhala ndi sign ikasefukira malamulo amati ndi undefined behavior, nde compiler imaloledwa kuganiza kuti sizichitika, ikaona x + 1 > x imangoika kuti ndi zoona osayesa nkomwe. Anthu amakwiya nazo izi, ena amati compiler yawapusitsa, ine maganizo anga ndi akuti munthu wofuna ntchitoyi akuyenera kumvetsa mbali zonse ziwiri, chifukwa chimene ufuluwu umathandizira ma loop kuthamanga komanso ululu umene umabweretsa kwa olemba mapulogalamu. Phunzirani kuwerenga malamulo a chilankhulo enieniwo osati zongomva.

Lembani yanu, yaing'ono, koma mulimbikire pakati

Ambiri akati akulemba compiler amathera miyezi pa parser, mbali yowerenga ndi kuzindikira zimene munthu walemba, nkutopa asanafike pamene pali nkhani. Parser ipangeni yosavuta mudutse msanga, kapena muilumphe kumene. Kosi ya CS 6120 ya ku Cornell imene amaphunzitsa Adrian Sampson ili pa intaneti yaulere ndipo ili ndi kachilankhulo kapakati kotchedwa Bril kamene anakapangira cholinga chomwechi, kuti munthu ayambe kulemba optimization tsiku loyamba. Phunziro la Kaleidoscope la LLVM, pulojekiti ya compiler imene clang imachokera, nalo ndi labwino ngati mukufuna kuona njira yonse mwachidule.

Dongosolo limene ndingakulangizeni ndi ili, yambani ndi kudula pulogalamu mu ma basic block, tizidutswa timene tilibe kudumpha pakati, nkulumikiza kukhala control flow graph, chomwe chija mayi Allen analemba mu 1970. Kenako lembani dead code elimination, kuchotsa code imene zotsatira zake palibe akuzigwiritsa ntchito, kenako constant propagation, kuika nambala yodziwika kale m'malo mwa variable, kenako liveness, kudziwa ma variable amene adzafunikebe kutsogolo, ndipo mukalemba ziwiri zitatu muyamba kuona nokha kuti zonsezi zili ndi mafupa amodzi, mfundo zimayenda mu graph nkumasakanikirana pamene njira zakumana, mumabwereza mpaka palibenso chikusintha. Gary Kildall anafotokoza dongosolo limodzi la zonsezi mu 1973, ndipo ndibwino mulizindikire ndi manja anu kaye musanawerenge za ma lattice, masamu ake amalowa mosavuta mukakhala kuti munavutika nazo kale. Mukatero pitani ku dominators, ma block amene njira iliyonse yopita ku block ina imadutsamo, kenako SSA, njira imene variable iliyonse imapatsidwa mtengo kamodzi kokha ndipo pamene njira ziwiri zakumana pamaikidwa phi, yosankha mtengo molingana ndi njira imene pulogalamu yadzera. SSA inakulira ku IBM konko mma 1980, pepala lodziwika la Cytron, Ferrante, Rosen, Wegman ndi Zadeck linatuluka mu 1991, ndipo lero GCC ndi LLVM zonse zimadalira iyoyo. Kulemba nokha code yosintha pulogalamu kupita ku SSA nkubwereranso kumatha kukudyerani masabata angapo, musadabwe, ndipo kubwererako nkumene kumakhala ma bug obisika.

Pass iliyonse, ndiye kuti njira iliyonse yosinthira code, imene mwalemba muiyese poyendetsa pulogalamu isanasinthidwe ndi itasinthidwa nkuyerekeza zotuluka, pa mapulogalamu ambiri osati atatu amene mwasankha nokha. Gulu la John Regehr ku University of Utah linapanga Csmith, chida chimene chimalemba mapulogalamu a C achisawawa nkuwapatsa ma compiler osiyanasiyana kuti aone ngati mayankho akusiyana, ndipo chinapeza ma bug mahandiredi mu GCC ndi LLVM, ma compiler oti anayesedwa kale ndi anthu ambirimbiri. Ngati amenewo anali ndi ma bug nde yanu ili nawo ndithu.

Masamu amene mukufunika si ambiri ngati mmene anthu amaopera. Ma graph, logic ndi kadziwidwe kolemba proof, linear algebra pang'ono chifukwa ma loop olowana amaonedwa ngati malo a manambala, ndi statistics yokwanira kuti musadzinamize poyeza. C ndi C++ ndiye palibe kuthawa, LLVM inalembedwa mu C++.

Tsopano za parallel

Mpaka chakumayambiriro kwa ma 2000 wolemba pulogalamu amangodikira, pulosesa yatsopano ikatuluka pulogalamu yake yathamanga yokha chifukwa liwiro la clock limangokwera. Chapakati pa zaka zimenezo zinaima chifukwa cha kutentha ndi magetsi amene tchipisi timadya, nde opanga anayamba kuika ma core ambiri m'malo mokweza liwiro la imodzi. Kuyambira pamenepo pulogalamu imene siitha kugawa ntchito imasiya mphamvu zambiri za makina zitangokhala.

Koma musanathamangire ma thread, mbali za pulogalamu zoyenda nthawi imodzi, phunzirani memory kaye, ndikunenetsa. Pulosesa imathamanga kwambiri kuposa memory, kutenga chinthu mu cache yapafupi, ka memory kakang'ono kothamanga ka mkati mwa pulosesa, ndi ma cycle ochepa pomwe kuchitenga ku RAM ndi mahandiredi, ndipo memory imabwera mu mizere ya ma byte 64 pa makina ambiri, ndekuti ma double 8 ulendo umodzi. Chitani ichi lero lomwe, lembani kuchulukitsa ma matrix awiri a 1000 kwa 1000 mu C ndi ma loop atatu i, j, k, muyeze nthawi, kenako musinthe dongosolo likhale i, k, j muyezenso. Masamu ndi omwewo, kuchuluka kwa ntchito nkomweko, koma yachiwiriyo nthawi zambiri imathamanga kangapo chifukwa C imasunga matrix mzere ndi mzere ndipo loop yamkati tsopano ikuyenda motsata mmene zinthu zagonera mu memory. Fortran imasunga motsika, nde kumeneko dongosolo labwino ndi lina. Kenako yesani tiling, kudula matrix mu timabokosi tokwana mu cache. Kenako vectorization, pomwe instruction imodzi ya AVX2 imagwira ma float 8 pakamodzi, ndipo mufunse compiler yanu kuti ikuuzeni zimene yachita, clang ili ndi -Rpass=loop-vectorize ndi -Rpass-missed=loop-vectorize, gcc ili ndi -fopt-info-vec-missed, ikuuzani loop imene yaikana ndi chifukwa chake. Zifukwa zimenezo muziwerenge mofatsa chifukwa mitu yambiri ya kafukufuku yabisala mmenemo.

Funso la pakati pa zonse ndi dependence, kodi ulendo uwu wa loop ukufuna zotsatira za ulendo wapitawo? Ngati mwalemba a[i] = b[i] + 1 maulendo onse ndi odziimira paokha, agaweni mmene mungafunire. Ngati mwalemba a[i] = a[i-1] + 1 aliyense akudikira mnzake. Zitsanzo ziwirizi nzosavuta, koma ikani index yochokera mu array ina ngati a[c[i]], kapena function imene compiler siikuona mkati mwake, basi sizingatsimikizike pulogalamu isanayende. Apa mpamene maloto a PTRAN aja, komanso ntchito ya anthu ngati Ken Kennedy ku Rice University, anakumana ndi khoma, pa ma loop a masamu aukhondo zimatheka bwino koma pa pulogalamu wamba yodzaza ma pointer compiler yokha siinafikebe pogawa ntchito modalirika. Nchifukwa chake lero wolemba amathandiza compiler, OpenMP imene inayamba mu 1997 mumangoika #pragma omp parallel for pamwamba pa loop nkulonjeza kuti maulendo sakudalirana, MPI ya 1994 ndi ya makompyuta ambiri otumizirana mauthenga, CUDA ya NVIDIA ya 2007 ndi ya ma GPU. Yambani ndi OpenMP, ndi -fopenmp basi mwayamba.

Mukangoyamba mukumana ndi data race, ma thread awiri kulemba pa variable imodzi nthawi imodzi yankho nkumasintha ulendo uliwonse, pa kuphatikiza mankhwala ake ndi reduction(+:s), ndipo -fsanitize=thread imathandiza kugwira zina. Mukumananso ndi false sharing imene imazunguza mutu kwambiri, ma thread sakugawana variable iliyonse koma ma variable awo agona mu mzere umodzi wa cache wa ma byte 64 uja, nde ma core amangolandana mzerewo ndipo pulogalamu ya ma thread anayi imatha kuchedwa kuposa ya imodzi. Ndipo lamulo la Gene Amdahl la 1967 mulisunge pamtima, ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi ya pulogalamu silingagawike, olo mutaika ma core miliyoni simudzapitirira liwiro ka 10, ndipo ndi ma core 8 mungofika pafupifupi 4.7. John Gustafson mu 1988 anaonjezera kuti anthu akapeza makina aakulu amakulitsanso vuto lawo nde gawo losagawikalo limachepa poyerekeza, zonse ziwiri nzoona, zimatengera funso limene mukufunsa.

Kuyeza, pamene ambiri amagwera

Ine ndinayamba ndasangalalapo tsiku lonse kuti kusintha kwanga kwathamangitsa benchmark, pulogalamu yoyezera liwiro, mochititsa mantha, mawa lake nditatsegula assembly ndinapeza kuti loop yonse yachotsedwa chifukwa zotsatira zake sindimazisindikiza paliponse, compiler inaona kuti ndi dead code. Kuyambira tsiku limenelo nambala iliyonse yokoma kwambiri ndimayamba ndaikayikira. Chitani chimodzimodzi. Yendetsani kambirimbiri osati kamodzi, onetsani mmene manambala akusiyanirana osati lokoma lokhalo, tsekani mapulogalamu ena, dziwani kuti laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha, ndipo yerekezani ndi -O2 kapena -O3 osati -O0, kupambana -O0 sikutanthauza kanthu. Mukaphatikiza zotsatira za ma benchmark angapo gwiritsani geometric mean. Mu 2009 Todd Mytkowicz ndi anzake anaonetsa pa msonkhano wa ASPLOS kuti zinthu zooneka zopanda ntchito, ngati kukula kwa ma environment variable kapena dongosolo la ma fayilo pa link, zimatha kusintha zotsatira mpaka munthu nkuganiza kuti optimization yathandiza pomwe siinathandize. Pa Linux phunzirani perf, perf stat ikuuzani ma cycle ndi ma cache miss, perf record ikuonetsani pamene nthawi ikuthera, ndipo nthawi zambiri si pamene mumaganizira.

Kulowa pakati pa anthu ake

Mukafika apa lowani mu compiler yeniyeni. GCC ilipo kuyambira 1987, LLVM inayamba mu 2000 ku University of Illinois ndi Chris Lattner ndi Vikram Adve, ndipo kwa woyamba ine ndimati LLVM chifukwa IR yake, chilankhulo chapakati chimene ma pass amagwirapo ntchito, imawerengeka ndipo pass iliyonse mutha kuiyendetsa payokha. Lembani clang -S -emit-llvm muone IR, kenako opt -passes=mem2reg muone ikulowa mu SSA, koma dziwani kuti pa -O0 clang imaika chizindikiro cha optnone ndipo opt siikhudza kalikonse mpaka mutaonjezera -Xclang -disable-O0-optnone, kanthu kakang'ono aka kamaimitsa anthu ambiri tsiku loyamba. Kumanga LLVM yonse kumafuna memory yambiri ndi nthawi, nde mangani target imodzi yokha, Release yokhala ndi assertions, ndi Ninja.

Pa GitHub ya LLVM pali ma issue olembedwa good first issue, ndipo ambiri amayambira ku InstCombine, kumene mumaphunzitsa compiler kuti kachidutswa aka ka IR ndi kofanana ndi aka kachidule. Kusintha kulikonse kumafuna test ya lit ndi FileCheck, komanso ma reviewer amayembekezera umboni wa Alive2, chida cha Nuno Lopes ndi anzake chimene chimatsimikiza ndi masamu kuti IR yatsopano siikusintha tanthauzo. Patch yanu yoyamba, kusintha kwa code kumene mwatumiza, itha kubwezedwa kanayi kasanu ndi ndemanga zambiri, musakhumudwe, kumeneko nkuphunzitsidwa kwaulere ndi anthu amene agwira ntchitoyi zaka zambiri. Olo kungochepetsa bug ya wina ndi llvm-reduce kuchoka pa mizere masauzande kufika pa khumi ndi thandizo lenileni ndipo anthu amakuzindikirani. LLVM ndi GCC zimatenganso nawo mbali mu Google Summer of Code, imene munthu amagwira pulojekiti ali kwawo ndi womulangiza.

Za kafukufuku weniweni, mu sayansi ya kompyuta ntchito zatsopano zimatuluka pa misonkhano kuposa mu ma journal, PLDI, CGO, PPoPP, ASPLOS, SC, nde tsegulani ndandanda ya mapepala a zaka ziwiri zitatu zapitazi muone mitu imene ikukukokani. Pepala musaliwerenge ngati nyuzi, onani vuto, onani chitsanzo chawo, dumphirani ku zoyeza mufunse kuti ayerekeza ndi chani, kenako mubwerere pakati. Mapepala ambiri masiku ano amabwera ndi artifact, code ndi malangizo oyendetsera, nde tengani imodzi muyese kupeza manambala omwewo pa makina anu. Kawirikawiri simupeza ofanana ndendende, ndipo kufufuza chifukwa chake ndi kafukufuku kale.

Kodi PhD ndi yofunika? Kukhala injiniya wa ma compiler ku kampani ngati Intel, AMD, Arm, NVIDIA, Apple kapena Google kumatheka popanda iyo ngati muli ndi ma patch ooneka, ndipo mayi Allen omwe analowa ndi masters ya masamu. Koma kutsogolera kafukufuku ku yunivesite kapena ku ma labotale ngati Argonne, Lawrence Livermore ndi Oak Ridge, nthawi zambiri amafuna PhD. Ku America imatenga zaka pafupifupi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ku Ulaya zitatu kapena zinayi munthu atamaliza masters, ndipo mu sayansi ya kompyuta nthawi zambiri wophunzira amalipiriridwa fizi nkumalandiranso kangachepe. Sankhani mphunzitsi osati dzina la sukulu, chifukwa ndi munthu ameneyo amene mudzakhale naye zaka zonsezo, ndipo funsani ophunzira ake akale mmene amawasamalira.

Ntchito zambiri panopa zili ku ma compiler a machine learning, kumene MLIR imene inatuluka ku Google mu 2019 nkulowa mu LLVM ikugwiritsidwa ntchito kwambiri, ndipo mukalowa muona kuti ndi nkhani zakale zomwe zija, tiling, kuphatikiza ma loop, dependence, kusuntha data pakati pa ma memory, zangovala maina atsopano. Ena akulimbana ndi kutsimikiza compiler yonse ndi masamu monga anachitira Xavier Leroy ndi CompCert. Ena ali pa vuto la phase ordering, kuti ma pass aziyenda mu dongosolo liti poti ina imatsegulira inzake njira pomwe ina imaitsekera, ndipo mpaka pano dongosolo la -O2 ndi losanjidwa ndi anthu poyesa ndi kuyeza.

Mukamalembera mphunzitsi amene mukufuna kugwira naye, imelo ikhale yaifupi ndipo ikhale ndi zinthu zogwirika, nenani pepala lake limene mwawerenga, nenani kuti munayendetsa artifact yake pa makina akuti nkupeza zakuti, ngati pa benchmark ina manambala anasiyana nenani ndi chimene mukuganiza kuti chachititsa, kenako ikani link ya ka compiler kanu ndi ma patch anu a LLVM olo atakhala awiri okha. Akapanda kuyankha dikirani masabata awiri mukumbutse kamodzi, kenako lemberani wina, uku mukupitiriza patch yotsatira.